Handibuleki ikasiya kugwira: kakonzedwe kake pa galimoto yakale

Mwakoka handibuleki mpaka ndodo yafika pamwamba penipeni, mwachotsa phazi pa buleki, koma galimoto ikutsetserekabe pang'onopang'ono. Ambiri zikafika apa amakanganula pulasitiki wa pakati pa mipando n'kumanga nati ya kebulo mpaka ndodo italimba. Kwa sabata ziwiri kapena zitatu zimaoneka ngati zatheka. Kenako ayambiranso kusakasaka mwala woika kuseri kwa tayala, kapena tayala limodzi lakumbuyo layamba kutentha ndi kununkha.

Pa galimoto zakale zambiri vuto silikhala pa natiyo. Kebulo ntchito yake ndi kukoka basi, chogwira galimoto ndi mashu, zitsulo zopindika zomwe zimakankha m'kati mwa dramu, lomwe ndi mbale yachitsulo yozungulira pamodzi ndi tayala lakumbuyo. Mashuwo akatha, akanona mafuta, kapena akatalikirana ndi dramu, mutha kumanga kebulo mpaka ulusi wa nati kutha osapindula kanthu. Wokonza njinga za kabaza amadziwa zimenezi: mphira za buleki zikatha, kukunga waya sikuimitsa njinga. Choncho ntchitoyi imayambira ku tayala, ndipo nati ya pa ndodo imakhudzidwa pomaliza.

Malangizowa ndi a galimoto za madramu kumbuyo, monga Corolla, Vitz, Probox, Passo, Demio, March ndi Fit zambiri zomwe zadzaza m'misewu yathu. Za madisiki kumbuyo zili ndi gawo lake kumunsiku. Ngati handibuleki yanu ndi ya kabatani ka magetsi, imeneyo ndi nkhani ina, imafuna kompyuta ya ku garaji.

## Zida zofunika

- Jeke, ndi masitandi awiri achitsulo
- Zidutswa ziwiri za thabwa lochindikala kapena miyala yamphanthi yotchingira matayala akutsogolo
- Wilo sipanala (manati a matayala a Toyota ambiri ndi a 21)
- Masipanala awiri a 10, imodzi ikhale soketi yaitali, komanso a 12 ndi 14
- Masikuludiraiva awiri aphanthi, imodzi yopyapyala kwambiri
- Pulayazi, hamala, tupa, bulashi ya waya ndi tochi
- Mabawuti awiri a M8 okankhira dramu
- Sandipepa ya 80 kapena 120
- Chitini cha brake cleaner (mankhwala opopera otsukira mabuleki) ndi nsanza zoyera
- Girizi wosasungunuka ndi kutentha, pang'ono chabe, ndi mafuta omasulira dzimbiri monga WD-40
- Chophimba mphuno ndi pakamwa
- Munthu wina wokuthandizani kukoka ndodo inu mukuyang'ana pansi

Mashu atsopano musagule musanatsegule dramu. Vitz yokha ili ndi masaizi osiyana malingana ndi chaka ndi injini, ndiye ndi bwino kupita kogula mutanyamula shu yakaleyo m'manja.

## Yesani kaye musanamasule kanthu

1. Imikani galimoto pamalo athyathyathya, olimba. Pa mchenga kapena pa dothi lonyowa jeke amamira. Kokani ndodo pang'onopang'ono osadina batani, n'kumawerenga mano pamene ikulira. Kokani ndi mphamvu yomwe munganyamulire ndowa ya malita 20 yodzaza madzi, chifukwa mabuku a Toyota amayezera pa mphamvu ya makilogalamu 20. Corolla zakale za m'ma 1990 zimafuna mano 4 mpaka 7, pomwe zotsatira zake, kuphatikizapo Vitz zambiri, zimafuna 6 mpaka 9. Ikapitirira 10 ndiye kuti pali potayirira. Passo ndi Sienta zakale zili ndi handibuleki yopondera ndi phazi lamanzere, koma kawerengedwe ndi komweko.

2. Mvetserani momwe ndodo ikumvekera m'dzanja, chifukwa imakuuzani kokayambira. Ikamakwera mopepuka mpaka pamwamba, mashu atalikira kapena kebulo yatamuka. Ikamalimba pa mano oyenera koma galimoto n'kumayendabe, mashu anona mafuta, aterera, kapena mbali imodzi yokha ndiyo ikugwira. Ikamavuta kukoka ndipo yosabwerera yokha bwinobwino, kebulo yagwira dzimbiri m'kati. Ikamagwa yokha mutaikoka, mano a ndodoyo aperepeseka, ndipo pamenepo palibe chochita koma kugula ndodo ina.

3. Pondaninso buleki ya phazi. Ngati nayonso ikupita pansi kwambiri isanagwire, koma mukapopa kawiri n'kukwera, ndi umboni wina woti mashu akumbuyo ali kutali ndi dramu. Mukakonza handibuleki mupeza kuti ya phazi nayo yakwera.

## Kukweza galimoto

4. Tchingani matayala onse awiri akutsogolo, kutsogolo ndi kumbuyo kwake. Ikani giya 1, kapena P ngati ndi otomatiki. Masulani pang'ono manati a matayala akumbuyo galimoto ikadali pansi.

Chenjezo: pa galimoto yokoka ndi matayala akumbuyo, monga Hilux kapena Hiace, giya imagwira matayala omwe mukufuna kuwakwezawo. Akangochoka pansi palibenso chogwira galimoto kupatula zotchinga zanu zija, ndipo mudzafunikanso kuika giya pa fulii kuti matayala azizungulira.

5. Kwezani mbali zonse ziwiri zakumbuyo n'kukhazika galimoto pa masitandi, pamalo olimba omwe buku la galimoto likusonyeza. Gwedezani galimoto ndi manja musanalowetse mutu. Njerwa ndi mabuloko a simenti sizichenjeza, zimangophwanyika kamodzi. Tayala lomwe mwachotsa ligonekeni pansi pa galimoto pafupi ndi pomwe mukugwirira ntchito.

Musanachotse matayala, mnzanu akoke handibuleki, inu muyese kuzunguliza tayala lililonse ndi manja awiri. Nthawi zambiri mupeza lina lagwira nga, lina likuyenda ngati palibe chomwe chakokedwa. Mwadziwa mbali yodwala.

6. Tsitsani handibuleki mpaka pansi. Pezani nati ya kebulo: pa galimoto zing'onozing'ono zambiri ili pambali kapena kuseri kwa ndodo, pansi pa pulasitiki wa pakati pa mipando. Pa zina, makamaka mapikapu, ili pansi pa galimoto pomwe kebulo imodzi imagawikana pawiri. Masulani nati yapamwamba yotsekera, kenako bwezani yapansiyo mpaka kebulo italendewera pang'ono. Sitepe iyi ndi yomwe anthu amaidumpha. Ngati wina anaimangapo kale mopyola, kebulo ikukoka mashu ngakhale ndodo ili pansi, ndipo chilichonse chomwe mungayeze m'dramu chikhala chabodza.

## Kutsegula dramu

7. Chotsani tayala, kenako kokani dramu ndi manja. Likakana, pali zifukwa ziwiri, ndipo muyenera kuzisiyanitsa.

Ngati silikusuntha n'komwe, lamatirira ndi dzimbiri ku habu, chitsulo chomwe tayala limamangidwapo. Thirani mafuta omasulira dzimbiri mozungulira pakati pake, menyani ndi hamala pankhope pa dramu pakati pa masitadi (mabawuti omangirapo tayala), osati m'mphepete mwake, chifukwa chitsulo cha dramu chimathetheka. Madramu a Toyota ali ndi timabowo tiwiri ta ulusi pankhope. Lowetsanimo mabawuti a M8 aja n'kumamanga mosinthanasinthana, theka kuno theka uko, mpaka dramu litadumpha.

Ngati likutuluka pang'ono kenako n'kukakamira ngati pali sipuling'i yolikokera m'kati, lekani msanga. Mashu akodwa pa mlomo womwe umapangika m'mphepete mwa dramu likadyeka. Mukakakamiza ndi mabawuti muthyola timapini togwira mashu. Pitani kuseri, pa bakipuleti (mbale yachitsulo yomwe mashu amangidwapo), chotsani kalabala kotseka bowo, lowetsani sikuludiraiva yopyapyala kukankha kachitsulo kogwira mano a ajasita (kandodo ka ulusi kofutukula mashu), ndipo ndi inayo zungulizani ajasita mobweza kuti mashu afupikirane. Muunikire ndi tochi, bowolo ndi laling'ono.

Pa galimoto zina, monga March ndi Citi Golf, dramu limagwiridwa ndi nati yaikulu yapakati ndipo bering'i ili m'dramu momwemo. Pamenepo samalani kuti mchenga usalowe mu bering'i, ndipo ngati pali kapini kopinda, pobwezera muike katsopano.

8. Dramu likangochoka jambulani zonse ndi foni, pafupi, musanakhudze sipuling'i iliyonse. Gwirani mbali imodzi kufikira itatha, inayo ikhale yoonera. Muuzeni mnzanu uja kuti asaponde buleki dramu lili kunja, apo ayi mapisitoni a silinda yokankha mashu atuluka ndi mafuta omwe.

9. Tsukani fumbi ndi brake cleaner, nsanza ili pansi. Musauzire ndi pakamwa kapena ndi mpweya wa kompulesa. Mashu ena akale ndi ena otchipa amakhala ndi asbestos, ndipo fumbi lake likalowa m'mapapo silituluka. Petulo, dizilo ndi parafini musayandikize: zimasiya mafuta pa mashu ndipo zimatupitsa malabala a silinda.

## Zoyang'ana m'katimo

Apa ndi pomwe pagona ntchito yonse, musathamange.

10. Mashu. Yang'anani kuchindikala kwa laining'i, ndiye kuti gawo lokhuza dramu, pamalo pomwe yadyeka kwambiri. Yatsopano ya Corolla imakhala pafupifupi mamilimita 4, ndipo malire a Toyota ndi milimita 1. Ine ndikaona yatsika kufika pa 2 ndimasinthiratu, popeza dramu latsegulidwa kale ndipo palibe amene amakonda kubwereza ntchitoyi. Shu yakutsogolo imatha msanga kuposa yakumbuyo, zimenezo zisakudabwitseni. Koma ngati imodzi yadyeka kumutu kokha, kapena laining'i yayamba kumatuka pa chitsulo chake, sinthani. Kumatukako kumachitika kawirikawiri pa mashu omatidwanso m'misika, ndipo laining'i ikasomphoka muli paulendo tayala limatha kugwira mwadzidzidzi.

Laining'i ikamanyezimira ngati galasi, yapsa. Ipaleni ndi sandipepa mopingasa mpaka kunyezimirako kutachoka, ndipo chitaninso chimodzimodzi m'kati mwa dramu.

Ikakhala yakuda bii, yonyowa, fumbi lake lomata m'zala ngati phala, yamwa mafuta. Shu yotere yatha ntchito. Ena amaitsuka ndi petulo kapena kuiwamba pamoto. Pamwamba pamauma, koma ikangotentha pamsewu mafuta a m'kati amatulukanso. Sinthani mashu onse anayi, mbali zonse ziwiri, osati mbali yonona yokha.

11. Gwero la mafutawo. Kusintha mashu osatseka potayikira ndi kutaya ndalama. Pamwamba pa mashu pali silinda yaing'ono yokhala ndi malabala mbali zonse ziwiri. Tukulani labala lililonse pang'ono ndi chala. M'katimo muyenera kukhala mouma. Mukatuluka mafuta a buleki, silindayo isinthidwe, ndipo pambuyo pake mabuleki atulutsidwe mpweya. Pa Hilux, Hiace ndi zina zokoka kumbuyo, mafuta amathanso kuchokera ku difu kudzera pa silu (labala lotseka mafuta) ya ekiselo. Amenewa mumawadziwa ndi fungo lake loipa, lonunkha ngati mazira ovunda, ndipo amakhala olemera. Kusintha silu imeneyi kumafuna kusolola shafiti, ndiye ngati simunachitepo pitani kwa makaniko.

12. Dramu. Yendetsani chikhadabo m'kati mwake. Timizere tosaya tilibe vuto, koma mizere yoti chikhadabo n'kukodwa, ming'alu, kapena mabala abuluu a kutentha ndi chizindikiro choti dramu likapalidwe pa makina kapena lisinthidwe. Pa dramu lililonse pamalembedwa kukula kwake komaliza. Pa Corolla zambiri latsopano ndi mamilimita 200 ndipo malire ndi 201. Kusiyana kwake ndi milimita imodzi yokha, choncho dramu lopalidwa kawiri nthawi zambiri limakhala litapyola kale.

Mlomo wa dzimbiri wa m'mphepete uja upaleni ndi tupa mpaka ufanane ndi m'kati. Mukausiya udzakunamizani pa sitepe 15: dramu lidzalimba polowa, inu n'kuganiza kuti mashu afika, koma likangodutsa pa mlomowo m'kati muli gwedegwede.

13. Kamkono ka handibuleki. Kuseri kwa shu yakumbuyo kuli kachitsulo kathyathyathya komwe kebulo imakolekedwa kumunsi kwake. Kakankheni ndi sikuludiraiva. Kayenera kuyenda mosavuta ndi kubwerera kokha mpaka pa malire ake. Galimoto yoyenda m'matope nthawi ya dzinja kapena yowoloka mitsinje, kamkono aka kamauma ndi dzimbiri pa pini yake, ndipo mbali imeneyo handibuleki imafa ngakhale mashu ali atsopano. Kachotseni, kapaleni ndi bulashi ya waya, pakani girizi pang'ono zedi pa pini pokha. Ngati kakukana kubwerera pa malire ake chikhalirecho munamasula nati pa sitepe 6, ndiye kuti kebulo yakakamira m'chikopa chake.

14. Ajasita. Ndi kandodo ka ulusi kokhala ndi kagudumu ka mano, kopingasa pakati pa mashu awiri. Kanapangidwa kuti kazitalika kokha mashu akamadyeka, koma pa galimoto yazaka 15 kapena 20 nthawi zambiri mumakapeza katauma gwa. Kachotseni, masulani zidutswa zake, tsukani ulusi ndi bulashi, pakani girizi wochepa, mpaka kazizungulira ndi zala ziwiri. Onaninso mano ake ndi kachitsulo kowakankha. Mano akafafanizika gulani kena.

Chenjezo: ajasita ya kumanzere ndi ya kumanja sizifanana, ulusi wake umayenda mosemphana. Mukazisinthanitsa, m'malo mofutukula mashu zizidzawabweza, ndipo pakatha mwezi buleki idzakhala yoipa kuposa poyamba.

Pali china chomwe eni otomatiki ambiri sadziwa. Pa Corolla zakale ndi Toyota zina za nthawi imeneyo, chomwe chimayendetsa ajasita ndi kukoka handibuleki. Munthu wongoika pa P chaka chonse osakhudza ndodo ndiye kuti ajasita yake sinasunthe chaka chonsecho, pomwe mashu akhala akudyeka. Tsiku lomwe adzaifune pa chitunda cha ku Zomba kapena ku Nkhata Bay adzapeza ndodo ikukwera mpaka kudenga.

Pobwezera, pakani kadontho ka girizi pa timalo totukuka ta bakipuleti pomwe m'mphepete mwa mashu mumakhuza. Zala zamafuta zisakhudze laining'i. Fananizani ndi chithunzi cha pa foni chija, sipuling'i ndi sipuling'i.

## Kufikitsa mashu pa dramu

15. Zungulizani kagudumu ka ajasita kuti mashu afutukuke, mano atatu kapena anayi, n'kuyesa kuveka dramu. Bwerezani mpaka dramu lizilowa mokhuza pang'ono koma osafuna hamala. Buku la Toyota limati kusiyana kwa kukula kwa dramu ndi kwa mashu kukhale mamilimita 0.6, komwe ndi kuchindikala kwa mapepala ochepa chabe. Ngati muli ndi veniya yaikulu, chida choyezera kukula kwa zitsulo, yezani, ngati mulibe dzanja likwanira.

16. Vekani madramu onse awiri, muwagwiritse ndi manati awiri mbali iliyonse kuti akhale mowongoka. Tsopano pondani buleki ya phazi mwamphamvu kasanu kapena kupitirira, kuti mashu akhazikike pakati. Zungulizani dramu. Nthawi zambiri mupeza lamasukanso, chifukwa kukhuza koyamba kuja kunali kwa shu yopendekeka. Onjezerani mano kudzera pa bowo la kuseri, pondaninso buleki, zungulizaninso. Pomwe mukufuna ndi pamene dramu likuzungulira ndi dzanja limodzi koma mukumva kakhwekhwerere kochepa ka mashu. Likamalimba pena n'kumasuka pena mowonekeratu, dramulo lapindika.

Mbali zonse ziwiri zimveke chimodzimodzi. Bwezerani timalabala totseka mabowo, chifukwa bowo losiyidwa pululu ndi khomo la madzi ndi mchenga.

Yesani ndodo tsopano, musanamange nati. Kawirikawiri mano amakhala atatsika kale kuchoka pa khumi ndi angapo kufika pafupi ndi pomwe akufunika.

## Makebulo

17. Lowani pansi ndi tochi n'kutsatira kebulo iliyonse kuchokera pa bakipuleti mpaka pogawikana. Mukufuna kuona chikopa chong'ambika kapena chotupa ndi dzimbiri, timawaya tothothoka, malo omwe yakhuzana ndi ekizozi n'kupsa, ndi timabulaketi tomasuka. Bulaketi ikathyoka, chikopa chimayenda limodzi ndi waya wa m'kati ndipo mphamvu yonse imathera pomwepo.

18. Mnzanu akoke ndi kutsitsa ndodo inu mukuyang'ana kachitsulo kogawa kebulo pawiri. Kayenera kukhala kopingasa mowongoka. Kakapendekera mbali imodzi, mbali imeneyo kebulo yatamuka kapena mashu ake sanafike, ndipo inayo mwina yakakamira. Kebulo youma mutha kuifewetsa ndi mafuta kuti mufike kunyumba, koma dzimbiri likalowa m'chikopa limabweranso. Yothothoka ngakhale kawaya kamodzi isinthidwe. Kuimanga mfundo, kuiwotcherera kapena kuipinda ndi kabawuti kuti ifupike ndi njira zoti idzaduke tsiku lomwe mwaikoka mwamphamvu, lomwenso ndi tsiku lomwe mukuifunitsitsa.

## Tsopano nati ija

19. Ndodo ili pansi, mangani nati pang'onopang'ono mpaka kulendewera kwa kebulo kutatha. Kokani ndodo mwamphamvu kangapo kuti kebulo ikhazikike, kenako werengani mano. Onjezerani kapena bwezani theka la mzungulo nthawi iliyonse mpaka mutalowa m'chiwerengero cha galimoto yanu.

20. Vekani matayala ndipo yesani zinthu zitatu galimoto ikadali m'mwamba. Ndodo ili pansi, matayala onse azizungulira momasuka monga analili pa sitepe 16. Pa mano awiri kapena atatu, onse ayambe kulemera mofanana. Pa mano onse oyenera, asatheke kuzunguliza ndi manja awiri. Ngati ndodo ili pansi tayala n'kumalemera, mwamanga mopyola, bwezani.

Musakopeke ndi handibuleki yogwira pa dzino limodzi kapena awiri. Imamveka bwino m'dzanja, koma kebulo yokungika chotero imasiya kamkono kaja katakokedwa pang'ono nthawi zonse. Mashu amakhuza dramu ulendo wonse, petulo amatha msanga, ndipo ajasita imalephera kugwira dzino lotsatira chifukwa kamkono sikakubwerera pa malire ake.

21. Gwirani nati yapansi ndi sipanala imodzi, mangani yotsekera ndi inayo. Tsegulani kiyi muone ngati getsi lofiira la pa dashibodi likuyaka pa dzino loyamba ndi kuzima ndodo ikatsika. Tsitsani galimoto, mangani manati a matayala modumphadumpha. Pa Toyota zing'onozing'ono mlingo wake ndi 103 Nm, mphamvu ya mkono pa wilo sipanala wamba, osati kuimirira pa paipi.

## Ngati kumbuyo kuli madisiki

Pali mitundu iwiri, ndipo muisiyanitse poyang'ana komwe kebulo ikuthera.

Ikalowa kuseri kwa disiki, pa bakipuleti, ndiye kuti pakati pa disiki pali kadramu kakang'ono kokhala ndi timashu take ta handibuleki yokha. Ndi momwe zilili pa Mark II, Prado ndi Subaru zambiri. Pankhope pa disiki pali kalabala. Kachotseni, gwiritsani disiki ndi manati awiri, zungulizani mpaka bowo litayang'anizana ndi ajasita, futukulani mpaka disiki itagwira, kenako bwezani. Toyota imati mubweze mano 8. Timashu timeneti sitigwira ntchito galimoto ikuyenda, choncho sititha msanga, koma timachita dzimbiri ndi kuterera. Mukaika tatsopano tiyenera kukhazikitsidwa: pa msewu wathyathyathya wopanda anthu, pa liwiro losapitirira makilomita 50 pa ola, dinani batani n'kukoka ndodo mopepuka kwa mamita 400, musiye zizizire, mubwereze kawiri kapena katatu.

Kebulo ikathera pa kalipa penipeni, chitsulo chomwe chimapana disiki ndi mapadi, monga pa Golf ndi Civic zina, handibuleki imafinya mapadi omwewo. Apa onani kuti kamkono ka pa kalipa kakubwerera mpaka pa malire ake ndodo ikatsika, ndipo mangani kebulo pongofikira pomwe kamkonoko katsala pang'ono kunyamuka. Pisitoni ya kalipa yotere siibwezedwa pokankha. Imazungulizidwa uku ikukankhidwa, ndipo mukaipana ndi chitsulo monga mumachitira kutsogolo muphwanya ulusi wa m'kati.

Eni Land Rover Defender asavutike kusaka m'matayala: dramu la handibuleki lili pansi pakati, pa shafiti yotuluka kuseri kwa giyabokosi, ndipo limeneli silikokedwa galimoto ikuyenda.

## Kuyesa pamsewu

22. Pondani buleki ya phazi kangapo musananyamuke, mutsimikize kuti yalimba. Pamalo athyathyathya opanda anthu, yendani liwiro la munthu wothamanga pang'ono, dinani batani, kokani ndodo pang'onopang'ono. Galimoto iime mowongoka. Ikakokera mbali, bwererani ku sitepe 16.

23. Pezani chitunda chenicheni chopanda galimoto kapena ana kumunsi kwake. Galimoto zing'onozing'ono zimapangidwa kuti handibuleki izigwira pa chitunda cha 20 peresenti zitanyamula katundu, kutanthauza msewu wokwera mita imodzi pa mamita 5 aliwonse. Imani moyang'ana kumtunda, kokani ndodo, ikani giya pa fulii, chotsani phazi pang'onopang'ono koma likhale pafupi. Tembenukani muyesenso moyang'ana kumunsi. Madramu ena amagwira bwino mbali imodzi kuposa inzake, ndiye kuyesa kumodzi sikokwanira.

24. Yendani makilomita 4 kapena 5 osaponda buleki kwambiri, imani, yandikizani kuseri kwa dzanja pa dramu lililonse osaligwira. Kufunda pang'ono n'kwabwino. Lina likamawotcha kapena kununkha, likukhuza, ndiye bwezani ajasita mano awiri kapena atatu. Mashu atsopano amakhazikika pakatha masiku, choncho werenganinso mano pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, muonenso manati a matayala. Ngati mukukonzekera kukayezetsa COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, gwirani ntchitoyi kudakali masiku kuti kukhazikikaku kuchitike musanapite.

## Zolakwa zomwe zimabwerezedwa kawirikawiri

Kuyambira pa nati ndiye cholakwa chachikulu, ndipo chizindikiro chake mumachiona mukangotsegula pulasitiki: ulusi wautali watuluka pamwamba pa nati, mwinanso wina anaikapo mawashala kapena kapaipi kuti apeze pomangira. Mukapeza zotere chotsani, bwezani nati, pitani ku madramu.

Kusintha mashu mbali imodzi yokha kumapulumutsa ndalama lero, koma galimoto imayamba kukokera mbali pa buleki, makamaka pamsewu wonyowa.

Girizi wambiri m'dramu ndi woopsa kuposa kusapaka n'komwe. Akatentha amayenderera mpaka pa laining'i. Chimodzimodzinso kupopera WD-40 m'dramu kuti buleki isiye kulira.

Kufutukula ajasita osaponda buleki pakatipakati kumachititsa kuti muganize kuti mwamaliza pomwe mashu angopendekeka. Mumatsitsa galimoto, mwaponda kawiri, ndodo yabwereranso pamwamba.

Ena amaiwala kubweza ajasita mpaka poyambira akamaika mashu atsopano, dramu n'kukana kulowa, iwo n'kulikhomera ndi hamala kapena kupala laining'i yatsopanoyo pa gilainda.

Pa otomatiki, kuika P musanakoke handibuleki kumasenzetsa kulemera konse kwa galimoto pa kadzino kamodzi ka mu giyabokosi, ndipo ndi chifukwa chake giya imatuluka ndi phokoso loti gu mukamanyamuka pa chitunda. Imani ndi phazi, kokani handibuleki, ikani N, masulani phazi kuti galimoto itsamire pa handibuleki, pondaninso, kenako P.

Galimoto yoti ikhala miyezi osayenda, makamaka nthawi ya mvula kapena itangotsukidwa, musaisiye handibuleki ili yokoka. Mashu amamatirira ku dramu ndi dzimbiri, ndipo ponyamuka laining'i imatha kusomphoka. Isiyeni pamalo athyathyathya ili m'giya, matayala atatchingidwa ndi thabwa mbali zonse.